Fumbi la m'Chifuwa cha a Ngozo

Loweruka lapitali tidakamanga chiliza cha agogo anga, a Ngozo, kumudzi kwathu kufupi ndi Mlangeni. Patha chaka chimwalirireni. Mmisiri atafunsa mawu oti alembe pansi pa dzina, abambo anga adatchula vesi, azakhali adatchula lina, ndipo adalimbana mpaka simenti idayamba kuuma mu wilibala. Ndinkaganiza kuti mwini wakeyo akadakhalapo akadawakalipira onse awiri, n'kuima kaye kudikira mpweya, kenako n'kupitiriza kukalipa pomwe adalekezera.

Ndi mmene ankayankhulira. Mawu amene wina angawanene kamodzi, iwo ankawadula katatu. Ukafuna kuwayankha ali pakati popuma, ankakweza chala cha mkombaphala, kusonyeza kuti bwalo likadali lawo. Mwana aliyense wa pakhomo pathu adakula akudziwa kudikira chala chimenecho. Ngakhale abusa ankachidikira.

Adali munthu wamtali, wa mapewa otambalala, koma pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu mapewawo adali atatsala mafupa okhaokha pansi pa jekete lakuda limene adabwera nalo kuchokera ku Joni. Ankalivala ngakhale mu Okutobala. Nsapato ankapolisha m'mawa uliwonse, ngakhale zaka zimene nsapatozo sizinkapitirira pakhonde.

Mtunda sankauyeza ndi makilomita. Ankauyeza ndi mapumulo. Ndili ku pulayimale, kutchalitchi kudali mapumulo anayi. Ndili ku sekondale adafika asanu ndi anayi, kenako adasiyiratu, akulu a mpingo n'kumawabweretsera mgonero kunyumba. Ku msika wa Lizulu ine sindidawaoneko. Ndimangomva kuti kale ankapitako ataimirira pangolo yodzaza mbatatesi, akuimbira ng'ombe mluzu, ndipo ankatsitsa okha matumba osafuna thandizo. Kudimba adasiya kupita ndili folomu thu. Kudatsala mtengo wa pichesi wa kuseri kwa khola, nawonso pambuyo pake udatalika. Pamene ndinkapita ku yunivesite, dziko lawo lonse lidali chipinda, khonde ndi chimbudzi.

Koma ali pakhondepo sankalola kuti kanthu kawadutse. Ankadziwa ndi fungo la mphepo kuti chiwawu chili pafupi kugwira mbatatesi, n'kutumiza mawu kudimba kuti apopere mawa lisanafike. Malole akamadutsa pamsewu waukulu ankanena, osawaona, kuti ili lalemedwa, ilo likubwerera lopanda kanthu. Ankakangana ndi wailesi. Ankakangana ndi agogo aakazi, a Nambewe, za utsi wa kukhitchini, mpaka khitchiniyo idagumulidwa n'kukamangidwa kumapeto kwa bwalo, komabe ankati utsi ukuwapeza. Ankakangana ndi achipatala, amene adawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu maulendo atatu pa zaka zosiyana. Ulendo uliwonse ankamwa mpaka kumaliza, kutsokomola magazi n'kuleka, koma mpweya osabwerera. Iwo ankati anyamata a kuchipatala amangowapatsa mankhwala a anthu wamba, ndipo tsiku lina adzapezeka dokotala weniweni amene adzawatsegule pachifuwa ngati mmene munthu amatsegulira mpopi wotsekeka. Ankakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Ankanena za minda imene adzatsegule akadzachira.

Chinthu chimodzi chokha sankachinenera zoipa: mgodi. Adagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pansi pa nthaka ku Joni, akubowola thanthwe ndi makina. Ankakonda kunena kuti munthu amene sadatsikepo m'chikepe cha mumgodi sadziwa kuti dzuwa ndi mphatso, amangoliona ngati mnansi. Ankati thanthwe limayamba layankhula lisanagwe, ndipo amene adafera pansi ambiri adali anthu osamva. Mgodi ndi umene udawapatsa malata, ng'ombe, ngolo ndi ulemu. Adabwera kumudzi ali ndi mphamvu zawo zonse, ndipo kwa zaka zoposa khumi palibe amene adawamvapo akutsokomola.

Apa ndi pamene pamalowa a Yohane, mng'ono wawo wobadwa naye bere limodzi.

Nthawi yonse imene agogo adali ku Joni, a Yohane ndi amene ankalima dimba la makolo la m'mphepete mwa mtsinje. Agogo atabwera, abale awiriwa adagawana dimbalo, koma malire sadakhazikike. Chaka china adakangana kwambiri za mizere ingapo ya kabichi, ndipo mvula yotsatirayo agogo adayamba kubanika akamakwera chitunda. Adapita kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, amene adawauza kuti wawamanga pachifuwa ndi munthu wa magazi amodzi. Agogo sadasunge mawuwo. Pa maliro a mlongo wawo, anthu atadzaza, adaimirira n'kuloza a Yohane, n'kunena kuti mfiti imene ikuwadya mapapo ndi imeneyo.

Ine ndidali ndisanabadwe. Ndidangopeza zotsatira zake. A Yohane adasiya udindo wawo kumpingo. Adagumula nyumba yawo n'kukamanga pamwamba pa chitunda, poonekera kuchokera pakhonde la agogo. Ana awo ankatchedwa ana a mfiti kusukulu, adzukulu awonso chimodzimodzi. Ife tinkaletsedwa kulandira ngakhale pichesi kuchokera kumtundako. Zidakhala choncho zaka makumi awiri ndi ziwiri, nyumba ziwiri zikuyang'anana, kanjira ka pakati pake katamera udzu.

M'chaka changa chachitatu ku yunivesite, komwe ndinkaphunzira za umoyo wa anthu m'malo a ntchito, mphunzitsi wathu wina adati chaka chimenecho sitilemba nkhani zoti iye yekha awerenge n'kuzitsekera m'kabati. Adatigawa atatuatatu, gulu lililonse n'kulipatsa mutu umodzi wa sayansi mu insaikulopediya ya pa intaneti ija imene aliyense amaloledwa kulembamo. Ntchito idali kukonza nkhani ya Chingerezi pomwe idali yoperewera, kenako kulemba ya Chichewa, imene kudalibe n'komwe. Lamulo lalikulu lidali lakuti mfundo iliyonse ikhale ndi gwero, kaya buku kaya kafukufuku wosindikizidwa. Malikisi athu ankatengera zimene zatsala patsambalo alembi ena a kunja atazipenda.

Gulu lathu lidapatsidwa silikosisi, matenda a m'mapapo amene amabwera ndi fumbi la miyala. Ndidakhala mu laibulale ndikuwerenga, ndipo ndisanamalize tsamba lachiwiri ndidazindikira kuti ndikuwerenga za munthu amene ndimamudziwa. Fumbilo likalowa silituluka, limasiya zipsera zimene zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono. Matendawa amatha kuonekera patapita zaka khumi kapena kuposerapo munthu atasiya kale ntchito. Amatsegulira njira chifuwa chachikulu, ndipo nthawi zambiri amasokonezedwa nacho. Alibe mankhwala ochiza. Anzanga awiri aja ankakambirana za mmene tingagawanire ndime, ine ndikungoona chala cha agogo chili m'mwamba.

Mu Julaye tidapatsidwa sabata imodzi yopuma, ndipo ndidapita kumudzi ndi laputopu yobwereka. Sindidapite ndi cholinga chowauza agogo za matendawo. Ndidali nditaganiza kuti munthu wa zaka zawo asiyidwe ndi dokotala wake weniweni uja. Koma pakhomo pathu netiweki imagwira bwino pakhonde la agogo pokha, ndiye ndinkagwirira ntchito pamenepo, iwo ali pampando atafunda bulangete m'miyendo.

Tsiku loyamba adafunsa chimene ndinkalemba. Nditawafotokozera za insaikulopediyayo, adaitcha buku lopanda chikuto. Adafunsa mwini wake. Nditati lilibe mwini, aliyense amalembamo, adati buku lotero lili ngati dimba lopanda mpanda, mbuzi iliyonse imalowa. Tsiku lachiwiri ndidalakwitsa ndekha. Ndidasowa mawu a Chichewa a zinthu za mumgodi, ndipo ndidawafunsa. Nkhope yawo idawala. Adandifotokozera makina obowolera, kulemera kwake, mmene ankagwedezera mano, mmene fumbi linkayeretsera anthu akuda mpaka osadziwana. Tidagwira ntchito limodzi mpaka dzuwa lidapendeka, ndipo sindikumbukira tsiku lina limene adayankhula nane motalika chotero.

Tsiku lachitatu adati, "Nangozo, werenga zonse. Uyambire pamwamba."

Ndidawerenga. Nditafika pa ndime ya zaka zimene matendawa amabisala, ndi ya kusachizika, ndidalumphira m'munsi. Chala chidakwera. Ndidadikira.

"Wadumpha," adatero. "Maso ako atsika msanga kuposa pakamwa."

Ndidabwerera n'kuwerenga ndime ziwirizo. Adandiuza kuti ndibwereze. Ndidabwereza. Adafunsa ngati ndalemba ndekha za m'mutu mwanga, ndipo ndidawaonetsa tinambala ting'onoting'ono ta kumapeto kwa mfundo iliyonse, n'kuwauza kuti kalikonse kakuloza buku la madokotala amene adayeza anthu a m'migodi ambirimbiri. Ndidawauzanso kuti ine si dokotala, sindinganene motsimikiza kuti matenda awo ndi amenewa popanda kuwajambula pachifuwa. Adangondiyang'ana ngati ndanena zachibwana. Adapempha kuti ndiwerenge kachitatu, ndipo ulendo uwu maso awo adali kuchitunda.

Sadanene kanthu za a Yohane. Adagwira pamene akadatha kugwira. Nkhani yathu inkati kuthira madzi pobowola kumachepetsa fumbi, ndipo iwo adati pamenepo buku lopanda chikutolo lanena theka. Madzi adalipo m'mapaipi, inde, koma iwo eni ndi anzawo ankawatseka, chifukwa matope ankachedwetsa makina, ndipo gulu lobowola mtunda wautali ndi limene linkalandira bonasi. Kapitawo ankaona n'kuyang'ana kumbali. Zotchinga pamphuno zinkanyowa ndi thukuta ola loyamba lomwe, ndiye zinkangolendewera m'khosi.

"Lemba zimenezo," adatero. "Anyamata a masiku ano adziwe kuti mpopi tinkatseka ndi dzanja lathu."

Lamulo ndinkalidziwa, koma ndidalemba. Mizere iwiri yokha. Idakhala patsambalo masiku awiri. Lachisanu m'mawa ndidapeza kuti mlembi wina, wosadziwika dzina lenileni ngakhale dziko, wayichotsa, n'kusiya uthenga waulemu wonena kuti mfundoyo ilibe gwero.

Agogo adakwiya kuposa mmene ndidawaonerapo. Adafunsa kuti gwero n'chiyani. Ndidati buku. Adafunsa ngati wolemba bukulo adatsikapo m'chikepe. Ndidati mwina ayi. Adadziguguda pachifuwa ndi nkhonya, n'kutsokomola mpaka a Nambewe adatuluka m'nyumba akuthamanga ndi kapu ya madzi. Mpweya utabwerera adati, "Umuuze abwere adzawerenge muno."

Ndikadatha kukhala chete. Koma ndidali nditatopa, ndikuopanso kuti anzanga ataya malikisi chifukwa cha ine, ndipo ndidawayankha. Ndidati mpanda umene ankaufuna uja ndi umenewu. Lamulo limene lachotsa mawu awo ndi lomwelo limene lachititsa kuti zimene ndidawawerengera zikhale zodalirika. Kukadakhala kuti aliyense amalembamo zimene akukhulupirira, ndiye kuti sing'anga wa kutsidya ujanso akadalembamo zake.

A Nambewe adandiyang'ana ngati ndaswa mbale ya alendo. Pakhomo pathu palibe amene adatchulapo sing'angayo pamaso pa agogo. Chala chidakwera, ndipo tonse tidadikira. Chidakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenako chidatsika chokha popanda mawu.

Mawa lake adaitana abambo anga n'kuwauza kuti adule bulugamu, acheke zipika zisanu ndi ziwiri, aziike m'mbali mwa kanjira kokwera kwa a Yohane, motalikirana mapumulo. Abambo adafunsa chifukwa chake, ndipo adauzidwa kuti adule mtengo, asadule nkhani. A Nambewe, amene adamvetsa msanga, adati bwanji angotuma munthu akawaitane a Yohane, poti ndi ulendo wa mphindi zisanu kwa munthu wa mapapo abwino. Agogo adakana. Adati wolakwa ndiye amayenda. Adaletsanso aliyense kukanena kumtundako chimene zipikazo zidaikidwira.

Ine ndidabwerera kusukulu, ndipo zotsatirazi ndinkazimva pafoni kwa a Nambewe. Sabata yoyamba adafika pa chipika chachiwiri n'kubwerera. Kenako chachitatu. Atatero adagona masiku asanu ndi limodzi osadzuka. Mu Ogasiti mphepo ya fumbi idawatsekera m'nyumba, akuchita kutukwana nyengo ali pabedi. Itatha adayambiranso pa chipika choyamba, atavala jekete, nsapato zikunyezimira, ndodo m'manja, osalola aliyense kuwagwira mkono. A Yohane ankaona zonsezi ali pabwalo pawo. Adandiuza pambuyo pake kuti poyamba ankaganiza kuti mkulu wawo akubweranso ndi nkhani ya malire a dimba, ndipo adali atakonzeka mawu owayankha.

Tsiku lina mu Seputembala agogo adafika pa chipika chachisanu. Pamenepo mphamvu zidatheratu. Sakadatha kukwera, sakadathanso kutsika. Abambo adali ku Lizulu ndi mbatatesi, ndipo a Nambewe adaima m'munsi atagwira kumutu, akuopa kuphwanya lamulo la amuna awo. A Yohane adatsika. Adaima kaye pataliko, kenako adadzakhala kumapeto kwa chipika chomwecho.

Agogo adakweza chala. A Yohane, amene adali asanayankhulane nawo zaka makumi awiri ndi ziwiri, adachidikira ngati mmene tonse tinkachitira. Akuti adadikira nthawi yoti munthu angapalire mzere wathunthu. M'chifuwamo munkangolira ngati mluzu, milomo itada. Mawu sadatuluke. Pomaliza a Yohane adagwada, n'kuwabereka kumsana, n'kutsika nawo pang'onopang'ono. A Nambewe adangomva mawu awiri okha panjira yonseyo, ochokera kwa a Yohane.

"Mwapepuka, achimwene."

Adawakhazika pampando wawo pakhonde, adawakonza bulangete, adakana madzi amene a Nambewe adawapatsa, n'kubwerera kumtunda.

Kuyambira tsiku limenelo agogo sadatulukenso m'chipinda. Ulendo womaliza umene ndidayankhula nawo pafoni, adatenga pafupifupi mphindi khumi kunena chinthu chimodzi. Adati ndikadzabwera pa tchuthi ndidzaimirire m'tchalitchi mapemphero akatha, a Yohane alipo, ndidzawerenge nkhani ija yonse osadumpha, kenako ndidzanene kuti andituma ndi iwo. Ndidavomera. Adamwalira mu Okutobala, kutatsala masabata atatu kuti ndilembe mayeso.

Pa maliro a agogo, a Yohane adakhala kumbali ya amuna, chakumapeto. Titachoka kumanda ndidawatsatira n'kuwapatsa nkhaniyo nditaisindikiza papepala. Adaipinda kanayi n'kuiika m'buku la nyimbo. Ndidayamba kuwafotokozera, koma adandidula mwaulemu.

"Ndidadziwa chimene ankabwerera, mwana wanga. Ndidadziwira pa chipika paja. Koma adandinena pa anthu, ndipo anthuwo palibe chimene amva."

Mpaka lero sindidaimirire m'tchalitchi muja. Pa tchuthi choyamba abambo adati maliro akadali aawisi. Loweruka lapitali ndidafunsanso ngati ndinganene pa mwambo wa chiliza, anthu atasonkhana, ndipo abambo ndi azakhali, amene adali atangokangana za vesi, adagwirizana nthawi yomweyo kuti tisadzutse zogona, dzina la malemu lisadetsedwe pa tsiku lawo. A Yohane adabwera, adathandiza kutunga madzi a simenti, koma pa nthawi ya chakudya adali atakwera kale kwawo. Ndidaona mayi wina akukoka mwana wake kuti awapatukire panjira.

Nkhani yathu ikadalipo pa intaneti, ya Chingerezi ndi ya Chichewa yomwe. Gulu lathu lidakhoza bwino. Mawu angapo a mumgodi amene ali m'ya Chichewayo ndi a agogo, koma dzina lawo mulibe, ndipo mpopi umene ankatseka ndi dzanja lawo mulibenso. Ndakhala ndikufufuza buku limene lidalembapo zimenezo kuti ndibwezeretse mizere iwiri ija. Sindidalipezebe.

Lamlungu m'mawa, ndisananyamuke, ndidalowa m'chipinda chawo. Bedi adalichotsa, lili kwa azakhali. A Nambewe ayala mbewu ya mbatatesi pansi ponse, ndipo yayamba kutulutsa timaso toyera, moti ndidachita kuyenda chonyang'ama m'mbali mwa khoma. Kukhoma la kum'mawa kuli bowo lalikulu ngati lichero, limene agogo adalamula kuti liboolede m'masabata awo omaliza, poti zenera limodzi silinkawakwanira. Tsopano latsekedwa ndi thumba la feteleza lopindidwa, ndipo mphepo ikawomba thumbalo limatukuka n'kuphwa. Pansi pake, pamsinkhu wa munthu wokhala, laimu wa pakhoma wada n'kusalala, malo aakulu ngati chikhatho. Zaka zonse zimene ndidawadziwa agogo sankagona chogona. Ankagona chokhala, mutu atatsamiritsa pamenepo. A Nambewe adapaka laimu watsopano nyumba yonse pokonzekera alendo a chiliza, koma pamalo pamenepo burashi adailambalalitsa.